Galimoto yakale imafa kuyambira pansi

Kuseri kwa nyumba zambiri, m'tauni ndi kumudzi komwe, kuli magalimoto amene anaima kalekale: Peugeot 404 ya agogo, ka Nissan 1400 kamene kanasenza chimanga mpaka kutopa, Land Rover yophwa matayala onse anayi, pena Volkswagen Beetle imene nkhuku zikuikiramo mazira. Achinyamata ena ayamba kuwayang'ana ndi diso lina magalimotowa. Akufuna kuwadzutsa, ndipo ine ndili nawo mbali imodzi ndi mtima wonse. Awa ndi magalimoto amene anapangidwa kuti munthu wa zida zochepa athe kuwakonza. 404 ija inatuluka ku France mu 1960, inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo ku Kenya ankailumikizabe mpaka 1991. Nissan 1400 anasiya kuipanga ku South Africa mu 2008, kotero zipangizo zake sizinasowe kwenikweni. Kuzisiya kuti ziziwolera pansi pa mtengo wa mango n'kutaya chuma.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi funso limene woyamba kumene amathamangira kufunsa: ndipake penti wa mtundu wanji? Penti ndi ntchito ya masiku otsiriza. Pafupifupi ntchito yonse yodzutsa bodi ya galimoto yakale ili pa chitsulo chimene pentiyo adzaphimbe, ndipo ikalakwika pamenepo palibe penti wodula amene angaipulumutse. Mvula ziwiri zikangodutsa, zonse zimene zinabisidwa zimatulukira pamtunda.

Dzimbiri limafuna chitsulo, madzi ndi mpweya wa okosijeni. Mchere ukalowererapo limathamanga. Pamenepa tili ndi mwayi umene a ku Britain alibe, chifukwa kumeneko nyengo yozizira amawaza mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo magalimoto awo amadyeka kunsi asanakalambe. Koma nafenso tili ndi adani athu. Matope a dzinja amamatirira m'madigadi n'kukhala onyowa masabata ambiri. Masamba amagwera m'ngalande ya pansi pa galasi lakutsogolo n'kutseka potulukira madzi. Labala wa magalasi amauma ndi dzuwa la Okutobala n'kung'aluka, mvula ya Disembala n'kulowa, kapeti n'kuisunga. Pikiapu imene inkanyamula matumba a feteleza imakhala itadyeka kumbuyo konse, pakuti feteleza amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo koposa. Pansi pa batire, pamene asidi ankadonthera, kawirikawiri pamakhala patabooka.

Choyenera kumvetsa bwino n'chakuti dzimbiri loopsa limayambira mkati. Chitseko cha galimoto chili ndi zitsulo ziwiri, chakunja ndi chamkati, zopindirana m'mphepete. Madzi otsetsereka pa galasi amalowa pakati pake, ndipo opanga anasiya timabowo kunsi kuti azitulukira. Timabowoto tikatsekeka ndi fumbi, madzi amakhazikika mumsoko. Dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye limakankha penti n'kutupitsa matuza. Mukaona thuza pa penti kunsi kwa chitseko, musaganize kuti vuto likuyamba kumene. Nthawi zambiri chitsulo chimakhala chitabooka kale kuchokera kuseri, ndipo chimene mukuonacho ndi kachigawo kochepa ka bala lenileni.

Ndiye zida zoyamba ndi zotchipa: tochi, sikuludiraiva ndi maginito a sipika yakale okulungidwa m'kansalu kuti asakande penti. Chotsani mipando ndi kapeti. Bayani ndi sikuludiraiva pansi popondapo, m'buti, mozungulira pomangirira masipiling'i, ndi m'mitanda ya pansi pa zitseko. Bayani mwamphamvu, musaope. Chitsulo chabwino sichingabooke ndi dzanja lanu, ndipo chimene chabooka chinali chitatha kale. Kenako yendetsani maginito pa bodi yonse. Pamene akukana kugwira, pali phala lija amisiri amalitcha filler, lomatidwa mochindikala ndi wina amene anakonzapo kale. Pa Land Rover yakale muyeso uwu sugwira ntchito, chifukwa kuyambira 1948 bodi yake inkapangidwa ndi aluminiyamu, popeza chitsulo chinali chosowa ku Britain nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Pa imeneyo kayang'aneni chassis ndi khoma la pakati pa injini ndi dalaivala, zimene ndi zachitsulo ndipo zimawola ndithu.

Mufunikanso kudziwa mmene galimoto yanuyo inamangidwira, chifukwa n'zimene zidzakuuzeni malo amene woyamba kumene angagwire ndi amene ayenera kusiyira odziwa. Land Rover yakale ndi Toyota Hilux zili ndi chassis, mafupa achitsulo chochindikala pamene bodi imangokhalapo. Beetle ili ndi pansi pake pa msana umodzi pamene bodi imamangidwa ndi mabawuti, koma ngalande zodutsa mpweya wotentha m'mbali mwake zimagwiranso ntchito ya mitanda, ndipo n'zimene zimawola msanga. Saluni ya 404 ndi Morris Minor zilibe chassis yapadera. Bodi yeniyeniyo ndiyo imasenza zonse, kotero mtanda wa pansi pa chitseko ukawola galimoto imawerama pakati ndipo zitseko zimayamba kukana kutseka. Mukapeza kuti pomangirira masipiling'i ndi mitanda yonse iwiri zatha, khalani pansi muwerengere bwino. Nthawi zina nzeru ndi kufunafuna bodi ina ya mtundu womwewo n'kusandutsa iyi nkhokwe ya zipangizo. Onaninso mapepala musanawononge ndalama. Nambala ya chassis yodindidwa pa chitsulo igwirizane ndi ya m'buku la galimotoyo, ndipo malo amene yadindidwawo musawadule kapena kuwapala ndi grinder, mungadzavutike pokatenga chiphaso cha COF.

Tsopano za filler, pakuti apa ndi pamene ambiri amasochera. Phala limeneli linafala m'zaka za m'ma 1950. Lisanabwere, amisiri ankasalaza misoko ndi mtovu wosungunula wosakaniza ndi tin, ntchito yofuna luso komanso yowononga thanzi. Filler anapeputsa zinthu, ndipo palibe cholakwa kumugwiritsa ntchito pa zimene anapangidwira: kudzaza timaenje tosaoneka ndi maso timene tatsala chitsulo chitawongoledwa kale. Amisiri osamala salola kuti achindikale kupitirira mamilimita 3. Vuto limabwera akasandutsidwa chitsulo. Munthu amapeza bowo la dzimbiri, n'kuligogodera mkati, n'kutsekapo ndi sefa, katoni kapena nyuzipepala, n'kumata phala la masentimita awiri. Akapala n'kupopera penti, galimoto imawala mpaka oyandikana nawo kubwera kudzaona. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Filler amamwa madzi chifukwa muli ufa wa talc. Kuseri kwa bowo lija kukadali kotsegula, chinyezi chimalowa, dzimbiri limapitiriza ntchito yake mobisika, ndipo phala lochindikala silifutukuka ndi kutentha mofanana ndi chitsulo. Msewu wa mabampu umamaliza zotsalazo. Limayamba ndi mng'alu wopyapyala, kenako chibanthu chonse chimagwa, bowo litakula kuposa poyamba.

Njira yoona ili pawiri. Chitsulo chopindika chimawongoledwa, chitsulo chowola chimadulidwa n'kuikapo china.

Kuwongola ndiko kuyenera kuphunziridwa poyamba, chifukwa sikufuna magetsi kapena makina. Mufunika hamala yopepuka ya nkhope yosalala ndi chitsulo cholemera chogwira m'dzanja chimene amachitcha dolly. Hamala ya kalipentala siyenera, chifukwa chipsera chilichonse chimene chili pankhope pake chimadindika pa bodi. Dolly mungapange nokha kuchokera ku chidutswa cha sipiling'i yamasamba kapena cha ekiselo yakale, bola mupale mpaka chisalale ndipo chikhale ndi mbali ina yathyathyathya, ina yobulungira. Chitsulo cha bodi n'chopyapyala, pakati pa mamilimita 0.8 ndi 1.0 pa magalimoto ambiri a nthawi imeneyo, kotero chimamva kugogoda kochepa. Mphamvu ichokere pa mfundo ya dzanja, osati paphewa.

Woyamba kumene akaona polowa mkati amafuna kumenya pakati penipeni kuchokera kuseri kuti patuluke kamodzi. Akatero amatulutsa chotupa pakati n'kusiya mzere wokwera kuzungulira, ndipo ntchito imakula. Ganizirani mmene ngoziyo inachitikira. Chinthu chinagunda malo amodzi, kupindikako n'kufalikira kunja, ndipo kumene kunathera kunatsala kamtumbira kozungulira kamene kakugwira chitsulo chonse kuti chisabwerere. Chitsulo chambiri cha pakatipo sichinawonongeke, changogwidwa. Choncho mumayambira kunja, kumene kupindika kunathera, n'kumalowera mkati pang'onopang'ono, malo amene anagundidwa n'kukhala omaliza. Mukamasula kamtumbira kaja mudzaona mbali yaikulu ikubwerera yokha.

Pali kagogodedwe kawiri, ndipo khutu ndi limene limasiyanitsa. Mukaika dolly kuseri kwa malo otsika n'kumakankha, hamala n'kumagogoda pa malo okwera apambali pake, phokoso limamveka logonthera. Apa mukuwongola: chotsika chikukwera, chokwera chikutsika. Mukaika dolly kuseri kwenikweni kwa pamene hamala ikugwera, pamalira ngwee, chitsulo pa chitsulo. Apa mukuchifinya chitsulocho, chikupyapyala ndi kutambasuka. Kulira kumeneku kumasangalatsa, kumamveka ngati ntchito ikuyenda, ndipo n'chifukwa chake oyamba ambiri amapitiriza mpaka chitsulo chitachuluka kuposa malo ake. Zikatero mumapeza kuti mukakankha ndi chala chimalowa, mukasiya chimatuluka n'kulira phu. Kuchiza kwake ndi kuchifupikitsa ndi moto: mumatenthetsa malo aang'ono, sentimita imodzi kapena awiri, mpaka afiire, n'kugogoda mozungulira molowetsa pakati dolly ili kuseri, kenako n'kuziziritsa ndi nsalu yonyowa. Zimatheka, koma ndi bwino kusafika kumeneko.

Maso amanama pa chitsulo chopanda penti. Chikhatho ndicho chimanena zoona. Chiyaleni chonse, kansalu kopyapyala kali pansi pake, n'kuchiyendetsa cham'litali, ndipo mudzamva zokwera ndi zotsika zimene simukanaziona. Njira ina ndi kuwaza penti wakuda pang'ono chabe n'kudutsapo ndi sandipepa womangidwa pa thabwa lalitali lowongoka. Pokwera pamawala, potsika pamatsala pakuda. Mumagogoda, n'kupala, n'kugogodanso. Madigadi imodzi ingathe kukudyerani masiku angapo, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Luso limeneli si lachilendo kwa ife. Amisiri okhoma ndowa, mbaula ndi makeni ku Ndirande, ku Mchesi ndi m'misika ya m'maboma amadziwa kale kupinda mphepete, kukhoma msoko ndi kubulungitsa chitsulo pa chitsa. Amene akufuna kuphunzira kupanga chigamba chokhota angapindule kwambiri atakhala masana angapo pafupi ndi mmisiri wotere, atapempha mwaulemu ndi kupereka kangachepe. Chitsa cha mtengo wolimba chokumbidwa pang'ono pakati, pamodzi ndi hamala yamtengo, ndi zida zimene opanga mabodi a magalimoto ku Ulaya ankagwiritsa ntchito makina osindikiza zitsulo asanafale, ndipo okonza magalimoto akale akuzigwiritsabe.

Pofika pa chowola, lamulo ndi lovuta kulimvera koma losavuta kulinena: dulani mpaka mufike pa chitsulo chowala, cholimba, cha kuchindikala kwake koyamba, kenako muonjezereko masentimita awiri. Mtima umakana, chifukwa bowo laling'ono limasanduka zenera. Koma chitsulo chopyapyala ndi dzimbiri sichiwotchereka, chimangosungunuka n'kuthawa. Musanadule jambulani ndi foni ndipo muyeze. Ngodya za bowolo muzizungulitse, popeza pa ngodya yosongoka kutentha kumaunjikana. Kenako tengani katoni wopyapyala, mumudule mpaka alowe bwinobwino m'bowomo, n'kulemba mizere ya popinda. Kulakwitsa pa katoni sikudya ndalama. Mukakhutira, jambulani katoniyo pa chitsulo.

Chitsulo cha chigamba chifanane ndi cha galimotoyo. Malata ofolera nyumba sayenera ngakhale pang'ono: ambiri safika ndi theka la milimita, komanso anakutidwa ndi zinki amene amatulutsa utsi woipa akapsa. Gwero labwino ndi lotchipa ndi boneti kapena denga la galimoto ina yakufa kwa ogulitsa zitsulo zakale. Mukapala penti mumapeza chitsulo cha mtundu woyenera, ndipo mukasankha bwino mumapeza pokhota kale mofanana ndi pamene mukufuna. Pamene opanga analumikiza zitsulo ziwiri ndi timadontho towotcherera, musang'ambe ndi tchizulo. Boolani kadontho kalikonse ndi chiboolero cha mamilimita 8, chitsulo chapamwamba chokha, ndipo pobwezera muboole timabowo pa chatsopanocho n'kutidzaza powotcherera.

Chigamba chingasanjikizidwe pamwamba pa chitsulo chakale kapena kulowetsedwa kuti milomo ikumane. Kusanjikiza n'kosavuta, ndipo pansi popondapo kungaloledwe ngati msokowo watsekedwa bwino mbali zonse ziwiri. Pa chitseko kapena madigadi ine sindivomereza. Pakati pa zitsulo ziwirizo pamakhala pobisala madzi, ndipo dzuwa likatentha mzere wa chigambacho umaonekera pa penti. Kukumanitsa milomo, ndi mpata wosapitirira milimita imodzi, kumafuna kudekha poyeza ndi popala ndi tupa, koma mukamaliza chitsulo chimakhala chimodzi monga chinachokera ku fakitale.

Makina owotcherera amene ali ponseponse kwathu ndi a ndodo, omwe amapangira mageti ndi zotchingira mbava m'mazenera. Ndi abwino pa chitsulo chochindikala, koma ndodo ya mamilimita 2.5 ikakhudza chitsulo chosakwana milimita imodzi imangoboola. Ambiri amene anagwa mphwayi ndi ntchito ya bodi anagwa chifukwa choyesa ndi makina olakwika, n'kudziona ngati opanda luso. Amisiri akale amagwiritsa ntchito gasi, okosijeni ndi acetylene, amene lawi lake limaposa madigiri 3,000. M'manja odziwa, gasi amatulutsa msoko wofewa wosavuta kugogoda, koma amafalitsa kutentha patali ndipo woyamba kumene amakwinyitsa chitseko chonse. Chosavuta kuphunzira ndi makina a MIG, a waya wa mamilimita 0.6 ndi gasi wotchinga wa CO2 kapena wosakaniza ndi argon. Ndi odula, inde, ndipo kudzazitsa silinda kumafuna ulendo wa mumzinda. Anthu awiri kapena atatu angasonkherane, kapena mungakonze zigamba zonse n'kuitana mwini makina tsiku limodzi. Amene akufuna maziko enieni, sukulu za ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College zimaphunzitsa kuwotcherera.

Kaya ndi makina ati, mdani ndi kutentha. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikamazizira chimakhwinyata kuposa mmene chinalili, n'kukoka zonse zozungulira. Mukayendetsa msoko wautali kamodzin'kamodzi monga pa geti, chitseko chimachita mafunde amene simudzawathetsa. Choncho bodi imawotchereredwa ndi timadontho. Kadontho kamodzi apa, kena kutsidya, kena pakati, n'kuima. Onani ngati milomo ikadali yofanana, ndipo ngati wina watsika mukweze tsopano. Apa ndi pamene kugogoda kolira ngwee kuja kumakhala mankhwala: kugogoda kadontho pang'ono dolly ili kuseri kwake kumabwezeretsa kutambasuka kumene kuzizira kunalanda. Dikirani mpaka muthe kuika dzanja pafupi ndi msokowo musanaonjezere timadontho tina pakati pa toyambato. Mumapitiriza chomwecho mpaka tonse tigundane. Chigamba chachikulu ngati chikhatho chingatenge ola lathunthu, nthawi yambiri mukungodikira. Pakabooka, ikani kachidutswa ka kopa kuseri n'kudzaza, popeza chitsulo chosungunuka sichigwira pa kopa. Popala msoko samalaninso, grinder nayo imatenthetsa, ndipo ikadya m'mbali imapyapyalitsa chitsulo chabwino. Mukamaliza walitsani tochi kuseri muli mu mdima. Kuwala kulikonse kodutsa ndi njira ya madzi, ndipo kuyenera kutsekedwa ndi chitsulo.

Zonsezi musaziyambire pa galimoto yanu. Gulani chitseko chakutha, muchimenye, muchiwongole, muchidule, muchilumikize. Kenako dulani kachidutswa kodutsa pamsoko wanu, mukapane pa vayisi n'kukapinda uku ndi uku mpaka kathyoke. Kakathyokera pambali pa msoko, mwayamba kudziwa. Msokowo ukangomatuka, ndiye kuti unangokhala pamwamba osalowa. Pa galimoto yeniyeni yambani ndi zosasenza katundu, monga kunsi kwa madigadi kapena pansi pa buti. Mitanda, nsanamira za zitseko, chassis ndi pomangirira masipiling'i zimasunga miyoyo ya anthu pa ngozi, ndipo chaka choyamba zisiyireni wodziwa, inu muziyang'ana. Mudzaona kuti asanadule mtanda amayamba wawotcherera zitsulo zopingasa pakhomo la chitseko kuti bodi isawerame, ndipo amachita mbali imodzi n'kumaliza asanakhudze inayo. Aluminiyamu wa Land Rover nayenso ndi nkhani ina. Amasungunuka pa madigiri 660 osayamba wafiira, kotero munthu wozolowera chitsulo amangoona bowo latulukira. Ubwino wake ndi wakuti mbali zambiri za bodi imeneyo n'zathyathyathya ndipo zimagwidwa ndi marivets ndi mabawuti.

Sindingalembe za ntchito imeneyi osanena za thupi la woigwira, chifukwa m'magalaja ambiri zinthu izi zimatengedwa mopepuka. Thanki ya petulo yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzaza, popeza chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo wosakanikirana ndi mphepo. Ichotseni, muiike kutali, ndipo musaiwotcherere nokha ngakhale mutaitsuka kangati. Chotsani batire. Yang'anani kuseri kwa pamene mukuwotcherera, chifukwa kumakhala mawaya, mapaipi a mafuta, siponji kapena phula lakale. Ndowa ya mchenga ndi chozimitsira moto zikhale pafupi, ndipo mukamaliza musachoke nthawi yomweyo, moto wa mu siponji umanyeka mobisa. Galimoto isakhale pa jeke yokha kapena pa njerwa inu muli kunsi. Njerwa imaphwanyika mosachenjeza, ikani zitsulo zochirikizira kapena zipika zolimba. Chotchingira cha grinder chisachotsedwe. Magalasi akuda a dzuwa sateteza ku lawi la magetsi, ndipo ululu wake umabwera usiku, munthu n'kumamva mchenga m'maso mpaka kucha.

Za mapapo ndiye zimanyalanyazidwa kwambiri. Utsi wa zinki umadwalitsa ngati malungo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Penti wa magalimoto akale angakhale ndi mtovu, ndipo fumbi la mabuleki ndi kilatchi zakale lingakhale ndi asbestos, choncho musaliuzire, lipukuteni ndi nsalu yonyowa. Penti wamakono wa 2K, wosakaniza ndi cholimbitsa, ali ndi mankhwala a isocyanate amene amayambitsa mphumu yosatha, ndipo kamasiki kapepala kapena nsalu yomanga pamphuno siziwatchinga. Chikhulupiriro chakuti kumwa mkaka pambuyo pake kumatsuka zonse chilibe maziko. Mkaka umapita m'mimba, utsi unapita m'mapapo. Ana asamasewere pamene mukupala kapena kupopera.

Chitsulo chikatha kukonzedwa chisagone chosavala, chimayamba dzimbiri usiku umodzi wa chinyezi. N'chifukwa chake ntchito yopala imayenera miyezi youma, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo imayenera kuchitidwa chigawo chimodzi pa nthawi. Amene amapala galimoto yonse sabata yoyamba, chimwemwe chikadali pamwamba, ndi amene amadzaisiya pakati. Mankhwala a phosphoric acid amathandiza pa dzimbiri lapamwamba ndi m'timaenje tosafikika, koma sabweza chitsulo chimene chinatha. Penti woyamba wabwino ndi wa epoxy, chifukwa salola madzi kudutsa. Wotuwa uja wamba amamwa chinyezi, ndipo magalimoto amene timawaona akuyenda miyezi ali otuwa podikira ndalama za penti amakhala akuchita dzimbiri kunsi kwake. Filler abwere tsopano, mopyapyala, wosakanizidwa ndi cholimbitsa chochepa, pafupifupi magawo 2 pa 100, pang'onopang'ono chifukwa kukatentha amauma m'mphindi zochepa. Mupale wouma, osathira madzi, ndi sandipepa wa 80, kenako 180, ndipo penti woyamba mumusalaze ndi 320 kapena 400, nthawi zonse pa thabwa, osati ndi zala. Musaiwale kuseri. Msoko uliwonse upakidwe penti mbali yosaonekayo, mkati mwa zitseko ndi mitanda mupoperemo phula loteteza, ndipo timabowo totulutsa madzi mutitsegule ndi waya. Phula lakuda lopakidwa pamwamba pa dzimbiri kunsi kwa galimoto limangosunga madzi.

Si aliyense amene adzagwire hamala yekha, ndipo ambiri adzapereka galimoto kwa amisiri. Pamenepa ndiyenera kuwaikira kumbuyo amisiriwo pang'ono. Ambiri amadziwa kudula ndi kuika chigamba, koma mwini galimoto akabwera Lolemba n'kunena kuti akuifuna Lachisanu ku ukwati, pa mtengo wotsikitsitsa, chimene chingatheke m'masiku anayi ndi phala basi. Ngati mukufuna ntchito yachitsulo, nenani poyera kuyambira tsiku loyamba: "Amisiri, musamatepo kanthu ndisanabwere kudzaona chitsulo." Gwirizanani mtengo wa chigawo chilichonse pachokha, chitseko pachokha, madigadi payokha. Pemphani kuti zidutswa zowola zimene adula akusungireni, muone zigamba kutsogolo ndi kuseri, muwalitsepo tochi yanu, ndipo mulipire chigawo chimenecho musanalole kuti apite pa chotsatira.